Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: ana a sickle cell akufa tisanawadziwe

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu a Central Medical Stores Trust, ndi aphungu a m'komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo,

Tikulemba ife amene timasamalira odwala matenda a sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo: madokotala a ana, ma clinical officer, anamwino ndi oyeza magazi m'malabotale. Pempho lathu ndi ili. Mwana aliyense wobadwa m'Malawi ayezedwe magazi asanathe miyezi itatu, ndipo wopezeka ndi matendawa azilandira mankhwala a penicillin ndi hydroxyurea pachipatala cha m'boma lake, mwezi ndi mwezi, osadukiza. Ziwirizi, kuyeza ndi mankhwala, zipite limodzi. Kumuuza mayi kuti mwana wake ali ndi matenda osachiritsika kenako n'kumubweza chimanjamanja ndi nkhanza, ndipo mankhwala ogona m'sitolo chifukwa odwala ake sanapezeke ndi ndalama zotayika.

Kafukufuku amene anayeza makanda oposa 10,000 m'chigawo chapakati anapeza kuti pafupifupi ana 4 pa 1,000 alionse amabadwa ndi matendawa, ndipo ana 7 pa 100 alionse amanyamula mbewu yake koma osadwala. M'dziko lonse tikukamba za ana pafupifupi 2,000 chaka chilichonse. Akatswiri amawerengera kuti m'maiko a mu Africa muno, kumene kulibe kuyeza makanda ndi chisamaliro chokhazikika, pakati pa ana 50 ndi 90 pa 100 alionse obadwa ndi matendawa amamwalira asanakwanitse zaka 5. M'mabuku a unduna wanu anawa simuwaona. Pa imfa yawo pamalembedwa malungo, chibayo kapena kuchepa kwa magazi.

Tilongosole kaye mmene matendawa amayendera, chifukwa mfundo zambiri zolakwika zimachokera posawamvetsa. M'maselo ofiira a magazi muli himogulobini, imene imanyamula mpweya kuchokera m'mapapo kupita nawo m'thupi monse. Malangizo opangira himogulobiniyi munthu amawalandira kuwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Wolandira mtundu wabwinobwino kuwiri konse timati ndi AA. Wolandira wabwino kumodzi ndi wa sickle kwinako ndi AS. Ameneyu sadwala, amalima, amabereka, ndipo ali mwana amatetezeka kwambiri ku malungo aakulu. N'chifukwa chake mbewuyi inafala kumadera a udzudzu ngati kwathu kuno. Wolandira S kuwiri konse ndi SS, ndipo ndiye wodwalayo. Bambo wa AS akakwatira mayi wa AS, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana akhale SS. Tikuti pa mimba iliyonse: banja lina libereka ana asanu wopanda ndi mmodzi yemwe wodwala, lina libereka atatu otsatizana onse odwala. Matendawa sachokera kuchikazi kokha. Komabe mayi ndi amene amanenedwa kuti anabweretsa tsoka m'banja, kapena agogo ena m'mudzi amalozedwa chala kuti akudya ana, ndipo maukwati amatha ankhoswe ataweruza nkhani imene kadontho kamodzi ka magazi kakanaimasula.

Himogulobini ya S ikatula mpweya imaundana, selo limauma n'kupindika ngati zenga, ndipo limamata m'mbali mwa mitsempha. Selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120, koma lotere limasweka pakatha masiku 10 mpaka 20. Pamenepo ndiye pamachokera kuchepa kwa magazi kosatha ndi maso achikasu. Chachiwiri, maselowo amatseka timitsempha ting'onoting'ono, ndipo paliponse pamene magazi aima, nyama ya pamenepo imayamba kufa: m'mafupa, m'mapapo, mu impso, mu ubongo. Kuzizira, kuchepa madzi m'thupi, kutentha thupi ndi matenda ena alionse zimakolezera zimenezi.

Khanda la SS limabadwa looneka bwino, chifukwa limakhala likugwiritsabe ntchito himogulobini ya m'mimba, yotchedwa F, imene siundana. Ikamatha F ija, cha m'miyezi 6, mavuto amayamba. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi kutupa kwa manja ndi mapazi: zala zimafufuma, khungu limanyezimira, mwana amalira mukangomukhudza. Kuchipatala chaching'ono amamuyeza malungo, amamupatsa LA ndi mankhwala a ayironi, n'kubwerera. Zikabwereza, makolo amapita kwa asing'anga, ndipo mwana amadzafika kuchipatala cha boma ali ndi mphini kumanja ndi kumimba chakumanzere. Mukatsegula buku lake la kuchipatala mupeza kuti wathiridwa magazi kawiri kapena katatu, wogwira ntchito aliyense analemba zake, koma palibe anaima n'kufunsa kuti magazi a mwanayu akupita kuti.

Chimene chimapha ana ambiri msanga ndi kapamba. Ntchito yake ndi kusefa tizilombo m'magazi, makamaka tija toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Mwa mwana wa SS kapamba amayamba kufooka chaka choyamba chisanathe, ndipo pofika zaka 5 ambiri amakhala alibe kapamba wogwira ntchito. Kutentha thupi kumene mwana wina akanapirira masiku atatu kungaphe mwana wa SS tsiku lomwelo. Nthawi zina kapambayo amatupa mwadzidzidzi n'kusunga magazi ambiri a m'thupi. Mwana amene anadzuka akusewera amayezuka, amalefuka, mimba imakula, ndipo popanda kuthiridwa magazi safika mawa.

Tsopano za kuyeza. Njira yakale yoyang'ana pa maikulosikopu ngati maselo akupindika ili ndi zofooka ziwiri zazikulu. Sisiyanitsa AS ndi SS, choncho munthu wongonyamula mbewu amatha kuuzidwa kuti ndi wodwala. Komanso pa khanda, pamene F ikadali yambiri, imatha kusonyeza kuti kulibe kanthu. Masiku ano kuli tizipangizo toyezera pompopompo, monga HemoTypeSC ndi Sickle SCAN, togwira ntchito ngati kachipangizo koyezera malungo kaja: kadontho ka magazi a pachidendene, mphindi zosaposa 15, ndipo yankho limasiyanitsa AA, AS ndi SS ngakhale pa khanda. Tizipangizoti sitifuna magetsi. Mtengo wa kamodzi ndi madola ochepa chabe.

Njira yofikira anawa ilipo kale, a Nduna. Amayi ambiri m'dziko muno amachilira kuchipatala, ndipo pa masabata 6 amabwera kusikelo kudzabayitsa katemera. Ndi pa masabata 6 pomwepo pamene ana obadwa kwa amayi a HIV amatengedwa magazi a papepala, ndipo njinga zamoto zimanyamula mapepalawo kupita nawo kulabotale. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo amadziwa kubaya chidendene. Chikusowa ndi lamulo la unduna, tizipangizoto, ndi mzere umodzi m'buku la mwana wolembapo zotsatira. Ngati ndalama sizikwana dziko lonse nthawi imodzi, yambani ndi magulu atatu: mwana aliyense wogonekedwa chifukwa cha kuchepa magazi kwambiri, abale ake a wodwala aliyense wodziwika, ndi makanda a amayi amene apezeka ndi AS pa sikelo ya oyembekezera. Pa mwana wofunika magazi, lamulo linene momveka kuti kadontho koyeza katengedwe asanamuthire. Magazi a munthu wina amakhala m'thupi miyezi itatu kapena inayi, ndipo m'nthawi imeneyo mwana wa SS amaoneka ngati AS.

Wopezeka ndi SS ayambe penicillin V asanathe miyezi itatu: 125 mg kawiri patsiku mpaka zaka 3, kenako 250 mg kawiri patsiku mpaka zaka 5. Kafukufuku wa ku United States wa mu 1986 anaonetsa kuti izi zokha zinachepetsa matenda oopsa a tizilombo ta chibayo ndi 84 peresenti, moti anauimitsa nthawi isanakwane kuti ana onse alandire mankhwalawo. Zaka pafupifupi 40 zadutsa. Penicillin ndi mmodzi wa mankhwala otsika mtengo kwambiri pamndandanda wanu, ndipo n'zopweteka kuti mwana angafe chifukwa chomusowa. Katemera wa chibayo wa PCV, amene Malawi inayamba kupereka mu 2011, amathandiza kwambiri, koma sateteza ku mitundu yonse ya tizilomboti, choncho salowa m'malo mwa penicillin. Pamwamba pa izi pakhale neti ndi mankhwala opewera malungo monga SP (Fansidar) kamodzi pamwezi, chifukwa malungo akamugwira wa SS amagwetsa magazi amene anali ochepa kale. Apa tikupempha kuti malangizo aunikidwenso: folic acid, vitamini wothandiza kupanga magazi, akaperekedwa 5 mg tsiku ndi tsiku amafooketsa mphamvu ya SP, choncho pakufunika mlingo wochepa, ndipo uzipezeka m'mafamase a boma. Ayironi asaperekedwe mwachizolowezi. Magazi a mwanayu sakuchepa chifukwa chosowa ayironi, ndipo kwa amene wathiridwa magazi kambiri, ayironi amaunjikana m'chiwindi ndi mumtima n'kuziwononga.

Makolo nawo ndi ogwira ntchito zaumoyo, angofunika kuphunzitsidwa. Mayi amaphunzira m'mphindi zochepa kugoneka mwana chagada, kuika zala pansi pa nthiti zakumanzere ndi kumva pamene pathera kapamba. Kamtengo kopondera lilime kolembedwa mzere pamene kapamba amafika masiku onse kamamuthandiza kudziwa ngati wakula. Aziyang'ana zikhatho ndi m'kati mwa chikope. Banja lililonse lotere lipatsidwe choyezera kutentha kwa thupi, ndipo liuzidwe kuti madigiri 38.5 ndi ulendo wa kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, osayamba mwamwetsa panado n'kudikira kucha. Madzi akumwa ambiri, ndi zofunda m'mwezi wa June ndi July.

Pa hydroxyurea tikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pali phindu lalikulu ndi zolephera zambiri. Mankhwalawa amachititsa thupi kupanganso himogulobini F ija imene inateteza mwana ali khanda. Maselo sapindika msanga, amakhalitsa, magazi amakwera. Kwa nthawi yaitali panali mantha akuti kwa ana a kuno, kumene kuli malungo ndi kunyentchera, angakhale oopsa. Kafukufuku wa REACH, amene anatsatira ana pafupifupi 600 ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anayankha nkhawayi: ululu unachepa, kuthiridwa magazi kunachepa, malungo anachepa, imfa zinachepa. Bungwe la WHO linaika hydroxyurea pamndandanda wa mankhwala ofunikira. Mwana angayambe ali ndi miyezi 9, pa mlingo wa 15 mpaka 20 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kamodzi patsiku, ndipo mlingo umakwezedwa pang'onopang'ono malinga ndi mmene magazi akuyankhira.

Zimene zimasokonekera ndi izi. Choyamba, kawirikawiri amabwera m'makapisozi a 500 mg okha. Mwana wa makilogalamu 10 amafunika 200 mg patsiku, kutanthauza 1,400 mg pa sabata, ndiye dokotala amakakamizika kumuuza mayi kuti azipereka kapisozi mmodzi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Zimatheka, koma mayi wosadziwa kuwerenga, wokhala ndi ana ena anayi, amasokoneza masiku, ndipo mwana wa chaka chimodzi sameza kapisozi, mpaka kutsegula n'kusungunula ufawo m'madzi. A Central Medical Stores Trust, gulaninso mapilitsi kapena makapisozi a 100 mg. Chachiwiri, mankhwalawa amatha kutsitsa maselo oyera ndi tija tothandiza magazi kuundana pabala, choncho pamafunika kuwerenga magazi onse mwezi uliwonse poyamba, kenako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Akatsika kwambiri, mankhwala amaimitsidwa sabata imodzi kapena ziwiri n'kuyambanso pa mlingo wochepa. Makina owerengera magazi ali m'zipatala za m'maboma, koma akasowa mankhwala ake oyendetsera, dokotala amachita mantha kulemba hydroxyurea. Bajeti ya mankhwalawa iphatikize za labotale. Chachitatu, phindu lake limaoneka pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo akasiyidwa F imatsikanso. Mwezi umodzi mankhwala alipo, iwiri kulibe, ndiye kuti banja lawononga ndalama za basi pachabe, ndipo limataya chikhulupiriro. Poti hydroxyurea anayamba ngati mankhwala a khansa, pali chizolowezi chomuona ngati wa zipatala zazikulu zokha, Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Mwana wa ku Chitipa, ku Nsanje kapena ku Makanjira sangayende ulendo wotere mwezi ndi mwezi kwa moyo wake wonse. Atsikana ndi anyamata achikulire amene akumwa mankhwalawa alangizidwe za kulera, ndipo wofuna kutenga mimba akambirane kaye ndi dokotala.

Pamene wodwala wafika mwadzidzidzi, pakufunika pepala limodzi lopachikidwa pakhoma la chipinda chilichonse cholandirira odwala. Wotentha thupi ayezedwe malungo ndi kubayidwa ceftriaxone, jakisoni wopha tizilombo, ola lisanathe, ngakhale malungo apezeke. Waululu alandire mankhwala m'mphindi 30 mpaka 60: panado ndi ibuprofen pa ululu wapakati, morphine pa ululu waukulu. Morphine wakumwa alipo kale m'dziko muno pa chisamaliro cha odwala khansa. Mnyamata amene akugubuduka pansi chifukwa fupa likufa m'kati sakunama, ndipo kumutcha wokonda jakisoni n'kumulakwira. Pethidine, jakisoni wina wa ululu, apewedwe, chifukwa akabwerezedwa amayambitsa kukomoka. Madzi a m'diripi aperekedwe moyeza, pakuti ochuluka amadzaza mapapo. Wodwala amene wayamba kupuma mwabefu, kutsokomola ndi kumva kupweteka pachifuwa patatha tsiku limodzi kapena awiri m'wodi ali pangozi yaikulu: akufunika okosijeni, mankhwala opha tizilombo, ndipo kawirikawiri magazi.

Pa kuthira magazi timalakwitsa mbali zonse ziwiri. Wa SS amakhala ndi himogulobini ya pakati pa 6 ndi 9 ali bwinobwino, choncho 7 pa iye si chifukwa chomuthira. Amathiridwa ikatsika pansi pa 5, kapena ikagwa ndi 2 kuchokera pamene imakhala masiku onse uku akudwala. N'chifukwa chake nambala yake ya masiku onse iyenera kulembedwa patsamba loyamba la buku lake. Ndipo asapitirire 10, chifukwa magazi amalemera n'kutseka mitsempha ya mu ubongo. Magaziwo apezeke. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ophunzira, ndipo sukulu zikatsekera magazi amachepa, pomwe tchuthi cha December chimakumana ndi nyengo ya malungo. Ndalama zotolera magazi m'mipingo, m'mizikiti ndi m'malo antchito nthawi ya tchuthi ndi mbali ya chisamaliro cha anawa.

Sitiroko si matenda a okalamba okha. Popanda chitetezo, pafupifupi mmodzi mwa ana 10 a SS amagwidwa nayo asanakwanitse zaka 20. Pali makina a Doppler oyeza liwiro la magazi m'mitsempha ya m'mutu, kamodzi pachaka kuyambira zaka 2 mpaka 16. Liwiro likafika masentimita 200 pa sekondi, mwana ali pangozi ndipo chithandizo chiyambe asanafe ziwalo. Ku Nigeria aonetsa kuti anamwino angaphunzire kuyeza kumeneku ndipo hydroxyurea angateteze ana otere kumene kuthira magazi mwezi ndi mwezi sikutheka. Makina amodzi pachipatala chachikulu chilichonse, oyenda nawo m'maboma pa kalendala yodziwika, ndi poyambira.

Amene apulumuka ubwana akukula, ndipo akatuluka m'wodi ya ana amasowa kolowera. Amakhala ndi zilonda zosapola za m'miyendo, mafupa a m'chiuno akufa, impso zofooka. Anyamata amavutika ndi kutota kopweteka kosafuna kutha, ndipo amachita manyazi kunena. Kukadutsa maola anayi kumatha kuwononga umuna kwamuyaya, choncho auzidwe ali achichepere kuti imeneyi ndi nkhani ya kuchipatala msanga. Mayi wa SS woyembekezera achilire pachipatala chokhala ndi magazi ndi okosijeni. Ku Unduna wa Zamaphunziro tikupempha kalata imodzi yokha yopita kwa aphunzitsi: mwana wa sickle cell aloledwe kumwa madzi m'kalasi ndi kupita kuchimbudzi pafupipafupi, pakuti impso zake sizisunga madzi, ndipo asakakamizidwe kuthamanga padzuwa kapena kuima pa asembule yozizira opanda juzi.

Tikudziwa kuti kunja kuli njira zochiziratu matendawa, monga kuika mafuta a m'mafupa a m'bale wake, ndiponso mankhwala osintha chibadwa cha maselo amene Britain ndi United States anavomereza kumapeto kwa 2023, a mtengo woposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi. Sitikupempha zimenezo.

Tikupempha zimene boma linavomera kale. Mu 2006 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti sickle cell ndi vuto la zaumoyo wa anthu lofunika ndondomeko za dziko. Mu 2008 bungwe la United Nations linakhazikitsa 19 June kukhala tsiku lokumbukira matendawa. Mu August 2022, ku Lomé m'dziko la Togo, nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza ndondomeko ya PEN-Plus, yoti matenda aakulu amgonagona, monga shuga wa ana, matenda a mtima obwera ndi zilonda zapakhosi, ndi sickle cell, azithandizidwa pachipatala cha m'boma. Malawi ili m'gulu la maiko oyambirira kuyesa njirayi, ku Neno ndi ku Lisungwi, kumene ma clinical officer ndi anamwino ophunzitsidwa bwino aonetsa kuti ntchitoyi sichita kufuna dokotala wamkulu pa wodwala aliyense. Koma zambiri mwa izi zaima pa thumba la mabungwe akunja, ndipo chaka cha 2025 chationetsa mmene thumba limenelo limatsekekera mwadzidzidzi. Aphungu olemekezeka, funsani kuti m'bajeti ya zaumoyo muoneke mzere wa sickle cell, wa ndalama za boma.

A Nduna, tsiku la 19 June likudzali, m'malo mwa matisheti ndi perete, tikupempha kuti muuze mtundu wa Amalawi maboma amene ayamba kuyeza makanda ndi mwezi umene ayambire, kuchuluka kwa tizipangizo toyezera timene tagulidwa, ndi miyezi imene penicillin V ndi hydroxyurea amene ali m'nkhokwe angakwane. Lamulaninso kuti sickle cell ikhale ndi kaundula wake pachipatala chilichonse cha m'boma, ndipo izituluka pa malipoti a mwezi ndi mwezi monga mmene zimatulukira TB ndi HIV. Ife ndife okonzeka kulemba malangizo a pakhoma m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, komanso kuphunzitsa anzathu boma ndi boma, mukangotipatsa tsiku.

Ndife anu pa ntchito,

Madokotala, ma clinical officer, anamwino ndi ogwira ntchito m'malabotale osamalira odwala sickle cell